Chitetezo ndi Umoyo wa Ogwira Ntchito pa Sukulu za Ukachenjede

Pulogalamu ya maphunziro ya pa wailesi, yokonzedwera omvera a pa Migowi ndi boma lonse la Phalombe

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKA ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA: Pulogalamu ino lero ikufotokoza za kayendetsedwe ka chitetezo ndi umoyo wa anthu ogwira ntchito pa sukulu za ukachenjede. Nkhaniyi ikukhudza anthu a kuno pa zifukwa zoonekeratu, pakuti m'boma lino muli koleji ya Holy Family yophunzitsa anamwino ndi azamba, muli koleji yophunzitsa aphunzitsi ya Phalombe, ndipo pa Migowi pali chipatala chachikulu cha boma. Komanso ana a m'midzi ino akachita bwino pa mayeso a Fomu 4 amasankhidwira ku MUST ku Ndata m'boma la Thyolo, ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba, ku MUBAS ndi ku KUHeS mumzinda wa Blantyre, kapena amapita ku Yunivesite ya Katolika ku Nguludi. Mfundo yaikulu ya pulogalamuyi ndi yakuti ngozi za pa ntchito zimakhala ndi gwero lomwe likhoza kudziwika ngoziyo isanagwe, ndipo kutseka gwerolo ndi udindo wa oyendetsa sukulu, udindo womwe uyenera kufikira wantchito aliyense, ngakhale wa malipiro otsikitsitsa.

(NYIMBO YAIFUPI)

GAWO LOYAMBA: SUKULU NDI MALO A NTCHITO

WOULUTSA: Anthu ambiri akamva za sukulu ya ukachenjede amaganiza za mphunzitsi amene waima kutsogolo kwa kalasi, koma sukulu yotere imayenda chifukwa cha khamu la anthu omwe ntchito zawo n'zosiyanasiyana ndipo zoopsa zake n'zosiyananso. Pali ophika amene amalawirira m'bandakucha kukasonkha moto ndi kunyamula mapoto akuluakulu a madzi owira, pali okolopa ndi otsuka zimbudzi amene amagwira mankhwala owawula khungu, pali alonda amene amachezera usiku wonse panja, pali amisiri a magetsi ndi a mipope amene amakwera madenga ndi kulowa m'maenje, pali madalaivala, pali otchetcha kapinga, ndiponso pali othandiza m'malabotale, zomwe ndi zipinda zoyeseramo zinthu za sayansi. Ophunzira nawo, ngakhale salandira malipiro, amalowa m'zipinda zomwezo ndi kugwira zida zomwezo, ndipo kawirikawiri amakhala asanadziwe kuopsa kwake.

Akatswiri a nkhaniyi amasiyanitsa mawu awiri omwe omvera ayenera kuwagwira bwino. Choopsa ndi chinthu chilichonse chomwe chingavulaze kapena kudwalitsa munthu, monga waya wa magetsi wosakutidwa, botolo la asidi, singano yomwe yagwiritsidwa kale ntchito, kapena masitepe opanda chogwirira. Chiopsezo ndi muyeso wa mwayi wakuti choopsacho chivulazedi munthu, pamodzi ndi kukula kwa kuvulalako, kotero kuti botolo la asidi lomwe lili ndi chizindikiro ndipo latsekeredwa m'kabati lili ndi chiopsezo chochepa, pamene asidi yemweyo akathiridwa m'botolo la zakumwa n'kusiyidwa pa tebulo chiopsezo chake chimakula kwambiri. Kayendetsedwe ka chitetezo, tsono, ndi dongosolo lokhazikika lozindikira zoopsa, kuyeza ziopsezo zake, kuzichepetsa, ndi kubwereranso kukaona ngati zomwe zachitidwazo zikuthandizadi. Bungwe loona za ntchito pa dziko lonse la ILO limayerekeza kuti anthu pafupifupi 3 miliyoni amafa chaka chilichonse chifukwa cha ntchito zawo, ndipo ochuluka mwa iwo amaphedwa ndi matenda obwera pang'onopang'ono, osati ngozi zadzidzidzi, zomwe zikusonyeza kuti utsi wa m'khitchini ndi fungo la mankhwala ziyenera kuopedwa monga momwe moto umaopedwera.

(NYIMBO YAIFUPI)

GAWO LACHIWIRI: ZIMENE MALAMULO AMANENA

WOULUTSA: Lamulo lalikulu pa nkhaniyi m'dziko muno ndi lamulo la chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha ogwira ntchito la chaka cha 1997, lomwe limayang'aniridwa ndi nthambi yoona za chitetezo ndi umoyo pa ntchito mu Unduna wa Zantchito. Lamuloli limaika udindo woyamba pa wolemba anthu ntchito, amene ayenera kuonetsetsa kuti nyumba, makina ndi kagwiridwe ka ntchito n'zotetezeka, ayenera kuphunzitsa ndi kuyang'anira antchito ake, ayenera kupereka madzi akumwa, zimbudzi, thandizo loyamba ndi zovala zodzitetezera, komanso ayenera kulemba ndondomeko ya chitetezo ndi kuidziwitsa kwa onse. Pamalo pomwe pali antchito oposa 50 lamuloli limafuna kuti pakhale komiti ya chitetezo, momwe oimira antchito ndi oimira oyang'anira amakhalira pamodzi, ndipo sukulu ya ukachenjede iliyonse yokulirapo imadutsa chiwerengero chimenechi. Wantchito nayenso ali ndi udindo wodzisamala, wosamala anzake ndi wosaononga zida zomwe zaikidwa kuti zimuteteze.

Lamulo lachiwiri ndi la chipukuta misozi cha ogwira ntchito la chaka cha 2000, lomwe limanena kuti munthu akavulala, akalumala kapena akadwala matenda obwera chifukwa cha ntchito yake ayenera kulipidwa, ndipo akamwalira olandira ndi amene ankadalira iyeyo. Nkhani zotere zimadutsira ku ofesi ya zantchito ya pa boma, ndipo n'chifukwa chake ngozi iyenera kunenedwa msanga ndi kulembedwa, popeza bala lomwe silinalembedwe m'buku limavuta kulitsimikizira pakapita miyezi. Dziko la Malawi linavomerezanso mapangano a ILO a nambala 155 ndi 187 m'chaka cha 2019, omwe amalamula maiko kukhala ndi ndondomeko ya chitetezo pa ntchito, ndipo m'chaka cha 2022 bungwelo linaika malo a ntchito otetezeka m'gulu la maufulu oyambirira a munthu wogwira ntchito. Zimenezi zikutanthauza kuti wophika wa pa koleji akapempha magolovesi sakupempha chifundo cha abwana, koma akukumbutsa zomwe lamulo linamupatsa kale.

(NYIMBO YAIFUPI)

GAWO LACHITATU: KUUNIKA ZIOPSEZO NDI MAKWERERO ASANU

WOULUTSA: Ntchito yeniyeni imayamba ndi kuunika ziopsezo, komwe ndi kuyendera chipinda ndi chipinda, kufunsa amene amagwiramo ntchito, ndi kulemba zoopsa zomwe zapezeka, anthu omwe zingawakhudze, zomwe zichitidwe, dzina la udindo wa amene achite, ndi tsiku lomalizira. Kufunsa antchito ndiye mtima wa kauniuniyu, chifukwa amene amadziwa kuti soketi ina imathetheka moto kukagwa mvula, kapena kuti chitseko chakumbuyo kwa hositelo chinakhomeredwa ndi misomali, ndi wokolopa ndi mlonda, osati mkulu wa mu ofesi. Zoopsazo zikadziwika, akatswiri amatsata makwerero asanu, kuyambira njira yamphamvu kwambiri kutsikira ku yofooka.

Njira yoyamba ndi kuchotseratu choopsacho, monga kugwetsa khoma lomwe lang'aluka kapena kuitanitsa akatswiri kuti akataye mankhwala a mu labotale omwe anatha mphamvu kalekale. Yachiwiri ndi kusintha choopsa ndi china chosaopsa kwambiri, monga kuika nyali za sola m'mahositelo m'malo mwa makandulo, kapena kusiya zoyezera kutentha kwa thupi za mekyule, chitsulo chamadzimadzi chomwe nthunzi yake imaononga ubongo ndi impso. Yachitatu ndi kutchinga choopsa pogwiritsa ntchito zomangamanga ndi makina, monga chumuni chotulutsa utsi m'khitchini, kabati yokoka mpweya woipa mu labotale, chotchingira lamba wa makina, ndi swichi yomwe imadula magetsi yokha pakachitika vuto. Yachinayi ndi malamulo a kagwiridwe ka ntchito, monga maphunziro, zikwangwani zochenjeza, kusinthana pa ntchito yolemetsa, ndi kuletsa munthu kugwira ntchito yekha mu labotale usiku. Yachisanu, yomwe ndi yomalizira, ndi zovala zodzitetezera, monga magolovesi, majombo, magalasi a m'maso, zipewa zolimba ndi mamasiki.

Dongosolo limeneli lili ndi phunziro lomwe malo ambiri a ntchito amalitembenuza, chifukwa kugula majombo n'kosavuta ndipo kumaoneka ndi maso, pamene kukonza waya yense wa nyumba yakale kumadya ndalama zambiri koma alendo sakuona. Komabe zovala zimateteza munthu mmodzi yekha, pa nthawi yokhayo yomwe wavala, ndipo zimang'ambika, pamene choopsa chikachotsedwa aliyense wodutsa pamalopo amapulumuka popanda ngakhale kudziwa. Kupatsa wophika masiki m'khitchini yopanda potulukira utsi kuli ngati kutchera mbale pansi pa denga lodontha m'malo mofolera udzu watsopano. N'chifukwa chake muyeso wa dziko lonse wa ISO 45001, womwe unatuluka m'chaka cha 2018, umaika udindo pa atsogoleri apamwamba ndi kutsindika za kukonza dongosolo, kulichita, kuliunika ndi kulikonzanso chaka ndi chaka; ndipo pa sukulu ya ukachenjede atsogoleriwo ndi khonsolo ya sukulu ndi mkulu woyendetsa sukuluyo, amene ali ndi mphamvu yoika ndalama za chitetezo m'bajeti.

(NYIMBO YAITALI PANG'ONO)

GAWO LACHINAYI: MOTO, LABOTALE NDI WODI

WOULUTSA: Pa 18 Disembala 2015 moto unanyeketsa laibulale ya Yunivesite ya Mzuzu, ndipo mabuku okwana pafupifupi 45,000 anapsa pamodzi ndi makompyuta ndi mipando, zomwe zinasokoneza maphunziro kwa nthawi yaitali. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo phunziroli n'lalikulu koposa kwa sukulu za kumidzi monga za m'boma lino, chifukwa galimoto zozimitsa moto zimapezeka makamaka m'mizinda, kotero kuti moto ukabuka kuno mphindi zoyambirira zimakhala m'manja mwa mlonda ndi ophunzira okha. Sukulu iyenera kuyezetsa waya wa magetsi kwa amisiri ovomerezeka, kuletsa kulumikiza ziwiya zambiri pa soketi imodzi, kuika zida zolira zikamva utsi, ndi kusunga zozimitsira moto zomwe zimaunikidwa pa nthawi yake. Antchito ayenera kudziwa kuti madzi sathiridwa pa moto wa magetsi, poti amanyamula magetsiwo kufika kwa wothirayo, ndiponso sathiridwa pa mafuta ophikira omwe ayaka, poti amawamwaza ndi kukulitsa malawi. Moto wa mafuta umazimitsidwa pouphimba kuti usowe mpweya. Makomo otulukira asamakhomedwe ndi maloko anthu ali m'kati, zitsulo za m'mawindo a mahositelo zikhale ndi pena potseguka, ndipo teremu iliyonse pakhale kuyeserera kothawa moto mpaka pa malo osonkhanira pomwe mayina amaitanidwa. Mbaula ya makala isalowe m'chipinda chotseka, ngakhale kuzizire motani m'miyezi ya Juni ndi Julayi, chifukwa makala amatulutsa mpweya wopanda fungo womwe umapha munthu ali m'tulo.

Mu labotale malamulo oyambirira ndi akuti botolo lililonse likhale ndi dzina la zomwe zilimo, mankhwala omwe amayaka kapena kuphulika akakumana asungidwe motalikirana, munthu asadyeremo kapena kukoka mankhwala ndi pakamwa, ndipo posungunula asidi, asidiyo ndiye athiridwe pang'onopang'ono m'madzi, osati madzi m'asidi, poti kutentha kwake kumamuthovutsira kumaso. Mankhwala akagwera m'diso, disolo litsukidwe ndi madzi oyenda kwa mphindi zosachepera 15, ndipo izi zikutanthauza kuti labotale ya pamalo pomwe madzi a m'mipope amadukaduka iyenera kukhala ndi thanki yakeyake.

Kwa ophunzira unamwino ndi uzamba malo oopsa kwambiri ndi wodi, komwe amapita kukaphunzira ntchito pa odwala enieni. Singano yomwe yabaya wodwala ikalasa wophunzira kapena wokolopa ikhoza kupatsira kachilombo ka HIV kapena matenda a chiwindi a Hepatitis B ndi C, ndipo pa chifukwa chimenechi singano sivundikiridwanso ndi manja awiri, koma imaponyedwa nthawi yomweyo m'bokosi la zobaya. Wolasidwa atsuke pabalapo ndi sopo ndi madzi, anene msanga kwa woyang'anira wodi, ndipo alandire mankhwala a PEP oteteza ku HIV, omwe amayenera kuyambidwa mofulumira, maola 72 asanathe, ndi kumwedwa kwa masiku 28. Matenda a Hepatitis B ali ndi katemera, ndipo sukulu yosamala imaonetsetsa kuti ophunzira ake abayitsa asanayambe kulowa m'mawodi, komanso imagwirizana ndi chipatala molemba za yemwe adzasamalire wophunzira akavulala. Mawindo otsegula ndi mamasiki oyenera amachepetsa kufala kwa chifuwa chachikulu, chomwe chimayenda mumpweya.

(NYIMBO YAIFUPI)

GAWO LACHISANU: NGOZI ZOGWA MWADZIDZIDZI NDI MILIRI

WOULUTSA: Anthu a ku Phalombe safunika kuuzidwa za mphamvu ya madzi otsika m'phiri, pakuti napolo wa m'mwezi wa Malichi 1991 anagumula miyala ndi matope kuchokera ku Michesi n'kupha anthu mazanamazana, ndipo namondwe wa Freddy m'mwezi wa Malichi 2023 anakokolola midzi, misewu ndi milatho m'boma lino ndi m'maboma oyandikana nalo, mpaka maphunziro anaimitsidwa ndipo sukulu zambiri zinasanduka misasa ya anthu othawa madzi. Sukulu yomwe ili m'dera lotere iyenera kukhala ndi dongosolo lolembedwa lonena za yemwe amatsatira machenjezo a nthambi yoona za nyengo, yemwe ali ndi mphamvu yotseka sukulu, malo okwera omwe anthu angathawireko, chakudya ndi madzi osungidwa ngati msewu utaduka, ndi momwe ophunzira ndi antchito aulumali adzathandizidwire. Mankhwala a mu labotale ndi mafuta a jenereta asungidwe pomwe madzi osefukira sangafike, ndipo ngalande zitsukidwe mvula isanayambe. Dongosololi liyenera kugwirizana ndi la khonsolo ya boma ndi makomiti a m'midzi oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, chifukwa madzi sadziwa mpanda wa sukulu.

Miliri nayo imafala msanga pomwe anthu ambiri amagona ndi kudyera pamodzi. Matenda a Covid-19 anatseketsa sukulu zonse m'mwezi wa Malichi 2020, ndipo kolera yemwe anayamba m'chaka cha 2022 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Chitetezo ku kolera chili m'manja mwa ophika ndi otsuka zimbudzi, amene ayenera kupatsidwa sopo, klorini, magolovesi ndi majombo, komanso ayenera kuloledwa kupuma akatsegula m'mimba popanda kuopa kudulidwa malipiro, popeza wophika wodwala amene wabisa matenda chifukwa cha mantha akhoza kudwalitsa hositelo yonse.

(NYIMBO YAIFUPI)

GAWO LACHISANU NDI CHIMODZI: ANTCHITO OIWALIKA NDI MABALA OSAONEKA

WOULUTSA: Masiku ano sukulu zambiri zimapereka ntchito za ulonda, zophika, zokolopa ndi zomangamanga ku makampani apadera, ndipo makampaniwo amalemba anthu a m'midzi yoyandikana, ena mwa iwo aganyu a tsiku ndi tsiku. Anthu amenewa ndiwo amakumana ndi zoopsa zambiri, komanso ndiwo amaopa kwambiri kudandaula, podziwa kuti pa geti pali ena omwe akudikira malo awo. Sukulu siingadzichotse pa udindo ponena kuti wovulalayo ndi wa kampani, popeza choopsacho chili pa malo ake. Choncho mgwirizano ndi kampaniyo uyenera kutchula maphunziro, zovala zodzitetezera ndi chipukuta misozi, ndipo malangizo aperekedwe m'Chichewa kapena m'Chilomwe, osati m'zikwangwani za Chingerezi chokha.

Umoyo wa pa ntchito umaphatikizanso maganizo. Ntchito yopitirira muyeso, ngongole, kunyozedwa ndi oyang'anira, ndi nkhanza zokakamiza kugonana zimadwalitsa munthu ngakhale thupi lake lilibe bala, ndipo lamulo loona za kusasiyana pakati pa amayi ndi abambo la chaka cha 2013 limaletsa nkhanza zoterezi. Sukulu iyenera kukhala ndi mlangizi wosunga chinsinsi, njira yodandaulira yomwe siidutsa kwa munthu wodandaulidwayo, ndi magetsi ounikira njira za pakati pa laibulale ndi mahositelo.

Pomanga zonsezi pamodzi pali buku la ngozi, momwe mumalembedwa ngakhale ngozi zomwe zinatsala pang'ono kuchitika, monga njerwa yomwe yagwa popanda kuphwanya munthu, chifukwa zoterezi ndiwo machenjezo aulere. Kufufuza ngozi kukhale kofuna gwero, osati kofuna woti alangidwe, pakuti pomwe wonena vuto amadzudzulidwa anthu amaphunzira kukhala chete, ndipo buku lopanda kanthu limanamiza atsogoleri kuti zonse zili bwino.

(NYIMBO YAIFUPI)

MAWU OMALIZA

WOULUTSA: Pulogalamu ino ikusiyira gulu lililonse ntchito yake. Oyendetsa sukulu aike ndalama za chitetezo m'bajeti, asankhe munthu wophunzitsidwa woyang'anira nkhaniyi, ndipo komiti ya chitetezo izikumana ndi kupereka lipoti ku khonsolo ya sukulu. Ogwira ntchito, kuphatikizapo a makampani ndi aganyu, anene choopsa chilichonse chomwe achiona, ndipo akavulala aonetsetse kuti ngoziyo yalembedwa ndi kukafika ku ofesi ya zantchito. Makolo ndi mafumu afunse mafunso osavuta poperekeza ana kapena pokumana ndi akuluakulu a sukulu, monga akuti hositelo ili ndi makomo angati otulukira, ndi liti pomwe ophunzira anayeserera kuthawa moto, ndiponso wodwala usiku amanyamulidwa ndi chiyani. Tsiku la 28 Epulo, lomwe dziko lonse limakumbukira chitetezo ndi umoyo pa ntchito, likhoza kukhala tsiku lomwe koleji iliyonse ya m'boma lino imayendera nyumba zake ndi kulengeza poyera zomwe yakonza ndi zomwe zatsala. Anamwino, aphunzitsi ndi mainjiniya omwe akuphunzira lero adzayendetsa zipatala, sukulu ndi mafakitale a mawa, ndipo adzasamala antchito awo molingana ndi momwe anaonera wophika ndi mlonda wa pa sukulu yawo akusamalidwira. Omvera onse akupemphedwa kukambirana nkhaniyi pa malo awo a ntchito sabata ino.

(NYIMBO YOTSEKERA)